Mabawuti Amene a Teuvo Sanamange

Natiyo inazungulira ndi zala zokha. Ilkka anaisiya n'kugwira ina ya mbali inayo, nayonso inangoyenda ngati chitsekero cha botolo. Anali ataima m'dzenje la m'galaja ya bambo ake, atavalabe malaya oyera amene anakwera nawo ndege ku Rotterdam. Pamwamba pake panali galimoto yakale ya mpikisano, ya mtundu wa Volvo, yopakidwa penti wachikasu ndi burashi ya pakhoma. Kumbuyo kwake kunali kokwezedwa pa zitsulo zochirikizira, matayala ali lende.

"Marjut, tabwera udzaone izi."

Mlongo wake sanatsikemo. Anangonyonyomala m'mphepete mwa dzenjemo, ndudu yosayatsa ili pakamwa.

"Mwatola chiyani, achimwene?"

"Mabawuti onse a kumbuyoku ndi osamanga. Mikono yogwira ekiselo, chitsulo chopingasa ichi, onse. Munthu akanaiyendetsa chonchi, pakona yoyamba pomwepo tayala likanamupitirira."

"Ndinawaona."

"Unawaona. Ndiye sukudabwa? Bambo omwe aja ankatikalipira tsiku lonse chifukwa cha sipanala yosiyidwa pansi?" Anatsitsa mawu, ngakhale kuti nyumba inali kutsidya kwa bwalo. "Mutu unali utayamba kuwasokonekera, eti? Bwanji simunandiuze?"

Marjut anamuyang'ana kwa kanthawi, n'kusuntha nduduyo ndi lilime kupita mbali ina ya pakamwa.

"Tulukanimo umo, mudetsa malaya."

Bambo awo, a Teuvo Lahtela, anamwalira Lolemba m'mawa, pakati pa msewu ndi khonde, nyuzipepala ili m'khwapa. Linali vuto la mtima. Maliro anali oti adzaikidwe patatha milungu iwiri, monga zimakhalira kuno masiku ano. Mtembo umadikira abusa, abusa amadikira woimba limba, ndipo woimba limbayo amazungulira mipingo yambiri chifukwa midzi inatha anthu. Koma mpikisano wa magalimoto womaliza wa chaka sudikira munthu. Unali wa Loweruka lomwelo, pabwalo la kuseri kwa nkhalango pamene kale ankakumbapo miyala, ndipo dzina la a Teuvo linali litalembetsedwa kale.

Ilkka anachoka m'mudzi muno ali mnyamata, akulumbira kuti sadzanunkhanso girizi. Tsopano, imvi zitayamba m'mbali mwa makutu, anapeza sitolo itatsekedwa, banki itasanduka mosungira matayala, ndipo pa sukulu imene anaphunzira kuwerenga panali chikwangwani chamalonda chimene nachonso chinali chitazilala. Minda yokha ndiyo inali yomweyo, yosalala mpaka kumene maso alekezera, ziputu za balere zili mbuu. Chamoyo chimene chinatsala chinali phokoso la Loweruka: amuna ndi akazi aakuluakulu, ena a zidzukulu, akugundana m'magalimoto otha ntchito. Ali mwana ankachita nazo manyazi. Ankakhala kuseri kwa ngolo akuwerenga buku, kuti aliyense aone kuti iye si wa kuno. Tsopano ankafuna kuti zonsezi zikhale pomwe zili osasuntha, kuti akamabwera pa Khirisimasi azidzazipeza.

M'khitchini munadzaza maluwa a oyandikana nawo, ena m'mabotolo, ena m'ndowa. A Sirkka, mayi awo, ankadula buledi wakuda atamutsamiritsa pachifuwa. Anali ophika ku sukulu ija mpaka tsiku limene inatsekedwa. Chikwatiwireni sanapondepo pabwalo la mpikisano. Ankati amenewo ndi matenda a amuna osowa ng'ombe zokama.

"Loweruka ndiyendetsa ineyo," anatero Marjut akukoka mpando. Ntchito yake inali yoyendetsa lole ya mkaka, koma asanabereke ankapikisana nawo. "A kalabu avomera kusintha dzina. Laisensi yanga ikadali yamoyo."

"Ukudziwa chimene chichitike ikangomaliza," anatero Ilkka.

Palibe wa kuno amene sadziwa. Mu mpikisano umenewu, umene amautcha wa munthu wamba, galimoto iliyonse yolowa m'bwalo ndi yamalonda. Mpikisano ukatha, aliyense amaponya dzina lake pa galimoto imene yamudolola, pa mtengo umodzi woikidwa ndi malamulo, wochepa woti sungagule nawo ngakhale njinga yamoto yooneka bwino. Oifuna akachuluka amachita maere. Mwini wake amangomasulamo mpando ndi malamba, n'kupereka makiyi. Wokana amalandidwa laisensi. Lamuloli analiika kuti olemera asamapambane ndi thumba, ndipo linagwiradi ntchito, chifukwa olemerawo anapita kukasewera gofu.

"Imeneyi ndi galimoto yomaliza imene bambo anaigwira ndi manja awo," Ilkka anapitiriza. "Ikangolowa m'bwalo, madzulo ake ili pa ngolo ya munthu wa ku Kauhava amene sitidziwa ndi dzina lomwe. Ikhale m'galajamo. Ndigula chinsalu chabwino, tiifunditse."

"Tiifunditse. Kenako tiziiyatsira makandulo? Inuyo muli phee ku Holland, ine kuno ndikuthamangitsa mbewa m'mawaya."

"Ana ako adzafuna kudzaiona akakula."

"Ana anga akufuna kuiona ikuthamanga. Si miyala iwowo."

"Ukulankhula ngati ineyo ndilibe bambo."

"Muli nawo. A pa telefoni, Lamulungu loyamba la mwezi."

Ilkka anatembenukira kwa mayi ake. "Amayi, nenanipo. Galimotoyo tsopano ndi yanu."

A Sirkka anaika mpeni pansi n'kusesera nyenyeswa m'chikhatho.

"Ine ndili ndi maliro oti ndikonze. Abusa akufuna ndisankhe nyimbo, pamene bambo anuwo ankadziwa imodzi yokha, imeneyonso ya kumowa. Za zitsulo zanuzo musandilowetsemo. Idyani."

Anadya. Kunja, wina anadutsa pa thirakitala, n'kuchepetsa liwiro pafupi ndi nyumbayo monga achitira anthu podutsa pa siwa, kenako n'kupitirira.

Masana kunabwera a Pentti Kujala, mnzawo wa a Teuvo kunja kwa bwalo ndi mdani wawo m'kati mwake kuyambira ali anyamata. Anali munthu wamkulu thupi, wotsimphina mwendo wamanzere. Anabweretsa nsomba yowamba yokulunga m'nyuzipepala. Pakhomo anavula chipewa n'kugwira a Sirkka dzanja.

"Pepani, alamu."

"Zachitika, a Pentti. Khofi ali pamoto."

"Ndibwera. Ndiyambe ndakaiona galimoto yake."

Sanafunse njira. Analunjika ku galaja, chipewa chili m'manja, n'kukaima kumbuyo kwa galimoto ija nthawi yaitali. Ilkka anawatsatira n'kukaima pamakwerero a dzenje, kutsekereza njira yotsikira. Sanafune kuti a Pentti agwire natiyo ndi zala. A Pentti akadziwa chinthu m'mawa, pofika madzulo chimakhala chitafika ku tauni ya Seinäjoki.

A Pentti anawerama movutikira n'kusuzumira kuseri kwa tayala.

"Wasinthanso masipuling'i, galu ameneyu. Waika afupi. Mashokonso wawasuntha, taona momwe aimira. Anandiuza ndi pakamwa pake kuti ino sakhudza kalikonse, akungosintha oyilo basi. Kunama mpaka tsiku lomaliza." Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Tonsefe timafera injini, chifukwa injini imalira, anthu amamva. Iyeyu ankagona kumbuyo kuno. Ankati kutsogolo n'kwa ana, galimoto imakhota ndi matako."

"Zinkathandiza?"

"Iwe, unali kuti? Ee, paja unali ndi mabuku. Pamene phula lathera n'kuyamba miyala, pakona ya kumadzi paja, magalimoto athu onse amavina. Yake imangodutsa ngati yamatidwa. Ndinamugula magalimoto osawerengeka. Ndikafika nayo kwathu ndimayeza chilichonse, kukopera bwinobwino. Ndikamanga yanga, ikuvinabe. Ndikamufunsa amati vuto ndi mimba yangayi."

Anaseka, kusekako n'kuthera m'kutsokomola.

Atamwa khofi, Ilkka anawaperekeza mpaka pa galimoto yawo. Mitengo ya m'mbali mwa msewu inali itayamba kuyoyola masamba achikasu.

"A Pentti, inuyo ku kalabu amakumverani. Marjut akaumirira, muwauze anthu asaponye dzina pa galimoto imeneyi. Kamodzi kokha. Pochitira ulemu malemu."

A Pentti anasiya chitseko chimene anali atatsegula.

"Ulemu?"

"Inde."

"Mwana wa Teuvo, wakhalitsadi kunja iwe. Galimoto imene palibe waiponyera dzina imabwerera kwawo ngati mtsikana amene palibe wamutenga kukavina. Bambo ako chiyambireni sanabwererepo ndi galimoto imene anapita nayo. Ankabwera ndi mpando wokha pa ngolo, akuimba mluzu, mudzi wonse ukumva. Ndiye ulendo wake womaliza ukufuna anthu aime manja ali m'thumba? Akayang'ane kumbali ngati wabweretsa zinyalala?" Anavala chipewa. "Ineyo ndiponya. Mkazi wanga aponya. Ngakhale abusa ndikawakoka ndi kolala akaponye. Ndipo ikandigwera ine, ndikaiswa pakona ya kumadzi chaka chamawa, monga iye akanafunira."

Analowa m'galimoto, n'kutsitsa galasi.

"Uwauze amayi ako nsombayo asaisunge. Ndi yadzulo."

M'mawa mwake Marjut anapita kukatenga mkaka m'mafamu kusanache, ndipo a Sirkka anavala diresi lakuda n'kupita kwa abusa. Ilkka anatsala yekha. Anapeza ovololo ya bambo ake pa msomali, anaiyang'ana, n'kuisiya pomwepo. Anavala juzi yakale imene anaipeza m'chipinda chake cha ubwana, yothina m'khwapa.

Sanaganize zambiri. Galimoto ikhale kapena ipite, sanafune kuti munthu wina aliyense adzatsike m'dzenjemo n'kupeza zimene iye anapeza. Anthu a kuno amakhululukira kuledzera, chigololo ngakhale kuphonya mphalapala ili pafupi, koma bawuti yosamanga amaikumbukira mpaka kwa zidzukulu. Akanati Teuvo anathera pamenepo.

Anatenga masipanala pakhoma, iliyonse pa chithunzi chake chojambulidwa ndi penti, n'kutsika. Chodabwitsa n'chakuti manja ake ankakumbukira. Ankadziwa saizi asanayese. Anayamba ndi mikono yapansi, yaitali ija yochokera ku thupi la galimoto kukagwira ekiselo, kenako yapamwamba, kenako chitsulo chopingasa chimene chimaletsa ekiselo kuthawira m'mbali. Bambo ake anali ataika mphira zatsopano m'maso onse a mikonoyo, zakuda bii, zonunkhabe sitolo. Ulusi wa bawuti iliyonse unali wotsukidwa ndi kupakidwa mafuta. Munthu wosokonekera mutu sachita zimenezi, koma Ilkka sanaime kuti aganizire. Ankakoka ndi thupi lonse mpaka chitsulo chilire. Kwa nthawi yoyamba chibwerereni, anamva kuti ali kwawo, ndipo zinamukwiyitsa kuti chomupatsa mtendere chinali girizi yemwe uja.

Atamaliza analowetsa jeke, kuchotsa zochirikizira, n'kuitsitsa galimoto pang'onopang'ono. Matayala anagunda simenti mbali zonse za dzenje. Pansi panamveka kulira kwa mphira, kotalika, ngati nsapato yatsopano. Ilkka anabwerera m'mbuyo kuti aione bwino.

Inaima matako ali m'mwamba, ngati mphaka amene waona galu.

Anaiyang'ana. Kenako anakhala pansi pa chitini cha oyilo.

Ankazidziwa zimenezi. Anazidziwa asanamere ndevu, m'galaja momwemo. Mabawuti a mikono ya kumbuyo samangidwa matayala ali m'malere. Ukatero, galimoto ikatsika mphira zija zimapotokola n'kukhala zokokeka, kumbuyo kumauma, ndipo zimang'ambika mpikisano usanafike pakati. Umawalowetsa ndi zala basi, n'kuitsitsa galimoto iime pa miyendo yake, kulemera kwa woyendetsa kuli pa mpando. Ndiye pamenepo umamanga. Bambo ake sanaiwale kalikonse. Anafika pamene ntchito imafuna kuti galimoto itsike, n'kupita kukatenga nyuzipepala.

Marjut anamupeza ali m'dzenje, akumasula bawuti yomaliza. Anayang'ana galimoto ili pansi, anayang'ana jeke, n'kuyang'ana thukuta la pamsana pa juzi ija. Sanafunikire kuuzidwa.

"Munamanga ili m'mwamba."

"Ndamasula."

"Mwang'amba mphira?"

"Sinayende. Zili bwino." Anatuluka n'kuponya sipanala pa benchi. "Iwe unkadziwa dzulo lija. Bwanji sunandiuze?"

"Munali otanganidwa kuwapezera misala bambo. Ndinati ndisakusokonezeni."

Ilkka anapukuta manja pa kansanza, chala chimodzichimodzi.

"Chabwino," anatero pomaliza. "Tsopano ili ndendende momwe anaisiyira. Ikhale choncho. Asaikhudzenso munthu."

"Aa, mwapeza nzeru ina."

"Si nzeru. Dzanja lomaliza pa mabawuti amenewa likhale lawo."

"Dzanja lomaliza ndi lanu, achimwene, kawiri konse." Marjut anavula jekete ya kuntchito. "Khalani pa mpandopo ndimange. Ayi, dikirani, simungathe. Mwalemera ngati ng'ombe ya pa chionetsero, galimoto ingapendekere ku Holland. Ndikhala ineyo, inu tsikani."

"Sinditsika. Sindikuthandiza kuigulitsa."

"Musatero. Ndiika matumba a mchenga, monga ankachitira bambo."

Pakona panali matumba a mchenga wothira pabwalo kukaundana madzi m'nyengo yozizira. Marjut anagwira limodzi m'makutu n'kuyamba kulikoka chafutambuyo, akutukwana motsitsa. Ilkka anapinda manja n'kumangoonerera. Anali ngati ana awiri aja amene ankalimbirana mpando wakutsogolo, kungoti tsopano wowalekanitsa panalibe.

"Thumbalo ukupita nalo kuti?"

A Sirkka anali ataima pakhomo la galaja. Anali asanavule diresi lakuda lija, ndipo m'manja anali ndi kapu ya khofi yofuka nthunzi. Palibe mwa ana awiriwo amene ankakumbukira kuti anawaonapo ataima pamenepo.

"Pa mpando, amayi. Pamafunika kulemera kwa munthu pomanga kumbuyoku. Bambo ankaika matumba."

"Anakuuza choncho?"

"Ndinkawaona matumbawo ali pafupi ndi chitseko."

"Ee, ankakhala pafupi ndi chitseko. Nanga pa mpando ankakhala ndani?" Analowa, akulambalala madontho a oyilo osayang'ana pansi. "Matumbawo ankakhala pamiyendo panga. Awiri, kuti ndifike pa bambo ako. Chaka chimene anasiya fodya anakhala atatu."

Marjut analisiya thumba lija.

"Iwe ndi ine timavala siketi ya saizi imodzi, timalemera mofanana," anatero a Sirkka. "Bwezera mchengawo. Tsegula apa."

Marjut anatsegula chitseko. M'kati munalibe china koma mpando umodzi, chiwongolero ndi zitsulo zotchinjiriza zopingasana pakhomo. A Sirkka anapinda diresi ndi dzanja limodzi, anaponya mwendo pamwamba pa chitsulo, anazyolika mutu, n'kutsetserekera pa mpando. Khofi sanagwedezeke n'komwe.

"Amayi," anatero Ilkka, "mukakhala pamenepo ndiye kuti galimoto yapita."

"Ndikudziwa chimene ndakhalira."

"Dzulo munati tisakulowetsenimo."

"Dzulo ndinali ndisanasankhe nyimbo." Anasuntha msana mpaka unakhazikika. "Bambo ako sanasungepo galimoto, Ilkka. Chinthu chokha chimene anasunga pakhomo pano ndi ine, chifukwa palibe anaponyapo dzina. Marjut, tsika. Miyendo imachita dzanzi pa mpando umenewu."

Marjut anatsika. Panamveka kugundana kwa zitsulo, kenako mawu ake ochokera pansi.

"Sindikuona bwino kuno."

Nyale inali pa benchi, pafupi ndi chigongono cha Ilkka. Anaiyang'ana. Anayang'ananso mayi ake, amene sankayang'ana iye koma chitseko chachikulu cha galaja, kudzera pa galasi lakutsogolo lodzaza mikwingwirima ya miyala. Anaitenga nyaleyo n'kutsika nayo makwerero.

Pansipo munali mothina kwa anthu awiri. Marjut ankamanga, Ilkka akuunikira ndi kugwira nati mbali inayo kuti isazungulire. Ekiselo inali itakhala pamalo pake tsopano, mikono itagona mowongoka. Sanalankhulane, kupatula "apa" ndi "gwirani." Pamwamba pa mitu yawo, kuseri kwa chitsulo chopyapyala cha pansi pa galimoto, ankamva zidendene za mayi awo zikusuntha.

"Kuno n'kumene bambo anu ankalankhula," mawu a a Sirkka anatsika, osamveka ngati akuuza munthu. "Patebulo munkawadziwa. Inde, ayi, patseni mchere. Koma akalowa pansipo, osandiona nkhope, pakamwa pankatseguka ngati wailesi. Galimoto zinkasintha, mpando ndi womwewu. Ndamva zambiri pa mpando uno."

Sipanala inalira. Marjut anasamukira ku bawuti ina.

"Zoti amaopa madzi akuya ndinazimvera pano, titakhala kale m'banja zaka zambiri. Zoti iwe Ilkka tisakuletse kupita ananenera pansipo. Anati mwanayu kuno afota. Atatuluka anakhala mwezi wathunthu osakulankhula, ukukumbuka."

Kuwala kwa nyale kunasuntha pang'ono.

"Unikirani apa, achimwene," anatero Marjut, koma mosakalipa.

"Za mtimawu anandiuza chisanu chitangotha, pomanga galimoto ija anagula mnyamata wa ku Lapua. Anati adokotala apeza chakutichakuti, akuti asiye mpikisano, asiye kunyamula zolemera, asiye soseji."

Sipanala inaima.

"Munkadziwa?" anatero Marjut. "Chilimwe chonsechi? Ine ndikuwasiya akukweza injini okha?"

"Anati ndisakuuzeni. Iweyo ukanawabisira makiyi, uyu akanabwera ndi mapepala a zipatala za ku Holland."

"Ndiye inu munawayankha chiyani?"

"Ndinati amange bwino mabawutiwo, asiye kulongolola." Zidendene zinasunthanso pamwamba pawo. "Nanga ndikanati chiyani? Ndinali ndi matumba pamiyendo."

Marjut anakhala chiimire, chipumi atachitsamiritsa pa ekiselo yozizira. Kenako anakweza mphuno, analowetsanso sipanala, n'kukoka. Anamaliza mikono, anamaliza chitsulo chopingasa, n'kubwereza yonse kuyambira poyamba, akuika kadontho ka penti woyera pa mutu wa bawuti iliyonse yomangidwa. Ilkka anamupatsira kabotolo ka pentiyo asanakapemphe.

Anatuluka m'dzenjemo motsatizana. Galimoto inali itakhala pansi bwino, yofanana mbali zonse, yooneka yaing'ono kuposa dzulo.

"Tamaliza, amayi," anatero Marjut akutambasula dzanja kuti awathandize kutuluka.

A Sirkka sanasunthe.

"Simunamalize. Pamatsala kukanikiza kumbuyo."

Zinali zoona. Ukamaliza umakanikiza galimoto kumbuyo n'kuisiya, kuti uone ngati mashoko akugwira. Ikatsika n'kukwera kamodzi n'kuima, zili bwino. Ikapitiriza kudumphadumpha, ntchito ilipobe. Ilkka anazungulira, anaika zikhatho pa buti, n'kukanikiza mosamala. Galimoto inatsika, inakwera, inaima.

"Ili bwino," anatero.

"Osati choncho. Ukuchita ngati ukuipepesa." A Sirkka ankayang'anabe kutsogolo. "Bambo ako ankadikira. Ankakhala chete kumbuyoko, kunamizira kupukuta manja, mpaka ine ndiiwale. Ndikangoti ndimwe khofi, ankadziponya pa buti ndi thupi lonse. Galimoto iliyonse. Ndiye n'kumati akuyesa mashoko."

Marjut anayang'ana mchimwene wake pamwamba pa denga la galimoto. Ilkka anatenga kansanza kaja n'kuyamba kupukuta manja. M'galajamo munangoti zii. Kunja kunadutsa atsekwe akuuluka kulowera kum'mwera, akukangana. A Sirkka anakhala, kapu ili pachifuwa, akuyang'ana chitseko. Patapita nthawi mapewa awo anatsika. Anauzira khofi uja pang'ono, n'kukweza kapu.

Ilkka anadziponya pa buti.

Galimoto inagwada mpaka pansi, inadzuka, n'kuima nji. Khofi anawathira pachibwano, pachifuwa, n'kuyenderera pa diresi lakuda lija mpaka m'miyendo.

"Chitsiru," anatero a Sirkka, osatembenuka.

Sanapukute. Anakhala pomwepo, n'kumwa wotsalayo.